Ma chord anayi okha, nanga ikuvuta pati? Kuphunzira Way Maker pa gitala

Aliyense amene wangoyamba kumene kugwira gitala kutchalitchi limamufikira tsiku louzidwa kuti Lamulungu likubwerali kuli nyimbo ya Way Maker. Amathamangira pa foni, n'kupeza ma chord ake (magulu a mawu olira pamodzi amene zala zimagwira pa gitala), mtima n'kukhala m'malo: ndi anayi okha, kuyambira vesi mpaka kumathero. Zimadzamuonekera Loweruka pokonzekera. Zala zikugwa pamalo pake ndithu, koma chimene chikutuluka m'gitalamo sichikufanana ndi nyimbo ija. Oimba ali kutsogolo, iye ali kumbuyo, wa ng'oma akungomuyang'ana cham'mbali. Ndaziona kangapo, ndipo nanenso zinandichitikirapo. Vuto silikhala ku dzanja logwira ma chord, ngakhale ndi kumene ophunzira amathera nthawi yawo yonse. Limakhala ku dzanja lokhwatcha ndi kukhutu.

Nyimboyi anaipeka ndi Sinach wa ku Nigeria, ndipo inatuluka kumapeto kwa 2015. Gulu la Leeland la ku America linaiimbanso mu 2019, chimodzimodzinso Michael W. Smith, ndipo mu 2020 inapata mphoto ya Dove, ya nyimbo zachikhristu ku America, ngati nyimbo yopambana m'chakacho. Mbiriyi ndaitchula chifukwa ili ndi ntchito kwa wophunzira. Mukafufuza ma chord pa intaneti, mapepala amene mupeze sanalembedwe kuchokera ku kaimbidwe kamodzi. Mukatenga pepala la kaimbidwe kena n'kumaimba motsatira kanema wa kaimbidwe kenanso, mudzadziona ngati ndinu wogontha m'khutu chonsecho cholakwa si inu. Sankhani kamodzi, mukhale pomwepo. Ine nditsata ka Leeland, kamene kali mu kiyi ya E (kiyi ndi liwu limene nyimbo yakhazikikapo) ndipo kamayenda pa liwiro la kugunda pafupifupi 68 pa mphindi.

Ma chord ake mu E ndi awa, motsatana chomwechi: A, E, B, C#m. Chord iliyonse imatenga kugunda kunayi, ndiye kuti masekondi atatu ndi theka. Mukamaliza anayiwo padutsa masekondi ngati 14, n'kubwereranso pa A. Basi. Vesi, kolasi ndi bridge (gawo lina lija lobwerezabwereza chakumapeto kwa nyimbo) zonse zikuyenda pa njanji imodzi yomweyi.

Musanaloweze zilembozo, ndikupemphani muyambe mwaziona mwanjira ina. Amene munakulira mu kwaya mukudziwa do, re, mi, fa, so, la, ti, do, kaphunzitsidwe kamene John Curwen anakafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1840 potengera ntchito ya Sarah Glover, amishonale n'kubwera nako kuno. Ndi chuma chimene mphunzitsi wa pa YouTube sadziwa kuti muli nacho kale. Mu kiyi ya E, liwu la E ndiye do, A ndi fa, B ndi so, C# ndi la. Choncho nyimbo yonseyi ndi fa, do, so, la. Oimba a m'ma studio a ku Nashville ku America amalemba zomwezi ndi manambala, 4, 1, 5, 6, njira imene Neal Matthews wa gulu la Jordanaires anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ubwino wake ndi woti mtsogoleri wa nyimbo akasintha kiyi mwadzidzidzi, amene analoweza A, E, B, C#m amasowa pogwira, pamene wodziwa kuti ndi fa, do, so, la amangofunsa kuti do ali pati, n'kupitiriza.

Chord ndi mawu atatu olira pamodzi, otengedwa modumphadumpha pa makwerero a do re mi. Ya do ndi do, mi, so. Ya fa ndi fa, la, do. Ya so ndi so, ti, re. Ya la ndi la, do, mi. Ndi zomwe zimachitika soprano, alto ndi tenala akagwira liwu aliyense lake, kungoti pa gitala onsewo ali m'zala zanu. Ya la ija imamveka yachisoni pang'ono, ndipo ka m kamene kali pa C#m kakuimira zimenezo. Chifukwa chake n'choti kuchokera pa la kufika pa do pali ma fret (timizere tachitsulo topingasa pa khosi la gitala) atatu, pamene kuchokera pa do kufika pa mi alipo anayi. Kusiyana kwa fret imodzi yokhayo ndi kumene kumasintha nkhope ya chord.

Taonaninso pamene mzere wa ma chord ukuyambira ndi pamene ukuthera. Kwawo kwa nyimbo ngati iyi ndi pa do, pamene khutu limapumira. Koma iyi ikuyambira pa fa, n'kungodutsa pa do ngati mlendo wongopempha madzi, n'kukathera pa la. Khutu silinafike kwawo, ndiye limafuna kubwerezanso. N'chifukwa chake mpingo ukhoza kukhala pa nyimboyi mphindi khumi osamva kuti yatalika. N'chifukwa chakenso imavuta kuimaliza, koma izo tizipeza kutsogolo.

Za gitala yeniyeniyo ndingodutsapo mwachangu. Nsambo zisanu ndi imodzi zimachunidwa E, A, D, G, B, E, kuyambira yonenepa ya pamwamba, imene timaitcha nsambo 6, mpaka yowonda ya pansi, nsambo 1. Tuner ya pa foni ndi yokwanira, bola ikhale pa 440 kuti mugwirizane ndi kiyibodi. Chunani nthawi iliyonse mukaigwira, makamaka ngati yayenda padzuwa pa kabaza. Chinthu chimodzi chokha ndicho ndingakakamire: yang'anani mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 12. Uyenera kukhala wa mamilimita awiri kapena atatu. Magitala ambiri a kaunjika ndi amene akhalitsa m'chipinda chosungira katundu kutchalitchi amakhala ndi khosi lopindika, nsambo zili m'mwamba moti cholembera n'kulowa pansi pake. Pa gitala yotereyo ngakhale katswiri amatuluka thukuta, ndipo ophunzira ambiri amene anasiya poganiza kuti alibe luso anagonjetsedwa ndi thabwa chabe. Ipititseni kwa wodziwa kukonza, muikenso nsambo zopepuka, zimene pa paketi palembedwa 10 kapena 11. Zikhadabo za dzanja logwira ma chord muwenge. Nsonga za zala zidzawawa masabata angapo oyamba mpaka khungu litalimba, ndipo mankhwala ake palibe koma kuimba mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, osati maola atatu Loweruka lokha.

Tsono ku dzanja lamanzere, kwa inu amene mumakhwatcha ndi lamanja. Buku likuuzani kuti B ndi C#m ndi ma barre chord, ofuna kugoneka chala chamkombaphala pa nsambo zisanu nthawi imodzi. Wongoyamba amathera mwezi pamenepo. Oimba nyimbo zopembedza za masiku ano ambiri sachita zimenezo mu kiyi ya E. Amasiya nsambo 1 ndi 2 zosagwira, zizingolira nyimbo yonse, n'kumayendetsa kagwiridwe kamodzi chokwera ndi chotsika.

Kagwiridweko n'kotere. Chala chamkombaphala pa nsambo 5, fret 2. Chala cha mphete pa nsambo 4, fret 4. Kachala kakang'ono pa nsambo 3, fret 4. Nsambo 6 musaikhudze pokhwatcha, ndipo nsonga ya chamkombaphala ikhoza kuigunda pang'ono kuti ikhale chete. Imeneyo ndi B. Kokani dzanja lonse ma fret awiri, chamkombaphala chifike pa 4, zinazo pa 6: mwafika pa C#m. Likokeninso mpaka chamkombaphala chifike pa 7, zinazo pa 9, mulizenso ndi nsambo 6 yomwe: E. Bwererani kumutu kwa gitala, cha mphete ndi kakang'ono pa fret 2, chamkombaphala muchidzutse kuti nsambo 5 ilire yokha: A. Mwaona kuti zala ziwiri zija sizinachoke pa nsambo 4 ndi 3 ulendo wonsewu. Zangotsetsereka.

Zikutheka bwanji kuti nsambo ziwiri zosagwira zigwirizane ndi ma chord onse? Nsambo 2 ndi B, nsambo 1 ndi E, ndipo mu kiyi imeneyi amenewo ndi so ndi do, mawu awiri amene amakhala bwino ndi pafupifupi chilichonse m'banjamo. Kulira kwa ngwee kosalekeza kumene mumamva m'nyimbo zambiri zopembedza kumachokera pamenepa. Kunena zoona, zimene mukugwirazi si A ndi B zenizeni. Mayina ake ndi Asus2, Bsus4 ndi C#m7. Pa B paja, liwu la ti mulibemo, m'malo mwake muli do. Nthawi zambiri palibe amene amadandaula, koma wa kiyibodi akamenya ti mwamphamvu inu mukuliza do, mawu awiri oyandikanawo amakhulana. Mukamva zimenezo, pa chord imeneyo musafike ku nsambo 1.

Izi zonse zili bwino ngati mpingo wanu uimba mu E. Kawirikawiri sizikhala choncho. Woimba wa Leeland ali ndi mawu okwera kwambiri, ndipo kiyi yomukomera iye si yokomera amayi ndi abambo amene adzuka m'mamawa kudzapemphera. Kiyi imasankhidwa ndi pakhosi pa anthu, osati ndi kumene zala zanu zikupeza mtendere. Mvetserani pamene nyimbo yakwera kwambiri: mukaona abambo asiya kuimba n'kuyamba kungowomba m'manja, kiyi yakwera. Apa ndi pamene capo imalowera, kachipangizo kopana nsambo zonse pa fret imodzi. Fret iliyonse imakweza mawu theka la sitepe. Kagwiridwe ka E kaja, capo ili pa fret 1, kakupatsani F, ndipo ili pa 2, F#, makiyi amene a kiyibodi ambiri kwathu kuno amawakonda. Ingokumbukirani kuti ma fret muziwerenga kuchokera pa capo.

Mukafuna makiyi a kutali ndi E, phunzirani banja lachiwiri, la G. Kumeneko fa, do, so, la ndi C, G, D, Em, ndipo nakonso kuli chinyengo chake: cha mphete ndi kakang'ono zimakhala pa fret 3 ya nsambo 2 ndi 1 osasuntha, zala ziwiri zotsalazo n'kumayenda zokha. Popanda capo muli mu G, pa fret 2 muli mu A, pa 3 mu Bb, pa 4 mu B. Mukawonjezera banja la C, lomwe ndi F, C, G, Am, makiyi onse 12 mwawakwanitsa capo isanapitirire fret 4 kapena 5. Alipo amene amanyoza capo kuti ndi ya aulesi. Ine sindiwamvera. Ma barre chord muwaphunzire ndithu, mudzawafuna, koma kulira kwa nsambo zosagwira sikupezeka pa barre, ndipo mpingo sunabwere kudzaonerera mphamvu za chala chanu.

Chenjezo limodzi: musamaonere kiyi pa zala za wa kiyibodi. Makiyibodi ali ndi batani la transpose, ndiye munthu akhoza kumaoneka ngati ali mu F chonsecho mawu akutuluka mu A. Mufunseni, kapena funani do ndi khutu. Ng'ung'udzani liwu limene nyimbo ikupumirapo, muyende ndi chala chimodzi pa nsambo 6 fret ndi fret mpaka gitala inene liwu lomwelo.

Tafika tsono pamene nyimbo imafera kapena kukhalira moyo. Liwiro la 68 ndi lodekha kwambiri, ndipo kuimba modekha n'kovuta kuposa kuthamanga, chifukwa pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake pali mpata waukulu woti munthu asocheremo. Ife tinazolowera makolasi othamanga, a m'manja ndi mapazi, ndiye thupi limafuna kukoka nyimbo kuti ifulumire. Mumayamba pa 68, pofika pa bridge muli pa 80 osadziwa.

Chothandiza n'kugawa kugunda kulikonse panayi. Aphunzitsi achingerezi ali ndi kawerengedwe kawo, koma ine ndimagwiritsa ntchito dzina la Nkhotakota, poti lili ndi maphatikizo anayi olingana bwino. Nkho, dzanja pansi. Ta, m'mwamba. Ko, pansi. Ta, m'mwamba. Kugunda kumodzi ndi Nkhotakota mmodzi, chord imodzi ndi a Nkhotakota anayi. Tsegulani metronome ya pa foni, kachipangizo kogunda pa liwiro losasintha, muiike pa 68, phazi lizigunda pa nkho aliyense, dzanja lamanzere lingogona pa nsambo kuti zisalire, lamanja lizitsika ndi kukwera. Muchite zimenezi mphindi zisanu musanagwire chord ngakhale imodzi. N'zotopetsa, ndikudziwa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinsinsi chake n'chakuti dzanja lamanja silima. Limayenda pansi ndi m'mwamba nthawi yonse, ndipo chimene timachitcha kakhwatchidwe ndi kusankha chabe pamene piki, kapulasitiki kokhwatchira, ikhudze nsambo ndi pamene idutse m'malere. Poyamba khudzani pa nkho pokha. Kenaka pa nkho ndi ko, zonse zotsika. Zikakhazikika, onjezerani ta womaliza wa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, kokwera kopepuka kongokhudza nsambo ziwiri kapena zitatu zapansi. Pamenepo nyimbo imayamba kupuma ngati munthu. Amene amafunsa kuti awalembere mivi ya pansi, pansi, m'mwamba amaloweza mivi koma dzanja limaima pakati, ndipo likaima nthawi yatayika. Kuyendako kuchokere pa mfundo ya dzanja, osati mkono wonse ngati mukusinja. Piki yopyapyala imakhululuka zambiri kwa wophunzira.

Nanga kusintha chord osachedwa? Wongoyamba amadikira kugunda kwachinayi kuthe ndiye ayambe kusuntha zala, ndiye chord yatsopano imafika mochedwa nthawi zonse. Odziwa amanyamuka msanga. Pa ta womaliza weniweni zala zimakhala zili kale pa ulendo, piki n'kukhudza nsambo zosagwira, ndipo palibe amene amamva cholakwa, makamaka mu E mmene nsambo ziwiri zija zili kale m'nyimbo. Chofunika ndi kufika pa nkho woyamba pa nthawi yake. Chord yofika pa nthawi koma chala chimodzi chaphonya ndi yabwino kuposa yoyera bwino yofika mochedwa. Pamene pamavuta kwambiri pa kagwiridwe kathu kaja ndi kuchoka pa A kulumphira pa E wa pa fret 7, kenaka kubwerera pa B. Patengeni pokhapo, muziyeseza pa liwiro la 50, maso ali pa fret imene mukupita osati pamene muli. Ngati kulumphako kukukanikabe, gwirani E wamba wa kumutu kwa gitala, palibe mlandu.

YouTube ili ndi pochepetsera liwiro la kanema kufika pa 0.75 popanda kusintha kiyi, ndipo n'pothandiza poimba motsatira. Koma choposa zonse ndi kudzijambula mawu pa foni. Zimapweteka kudzimvera. Ine nditadzijambula koyamba ndinapeza kuti ndimathamanga paliponse pamene ndayamba kuimba ndi pakamwa. Ndiye kuimba pakamwa muyambe pamene dzanja layamba kuyenda lokha, moti mukhoza kucheza ndi munthu likugwirabe ntchito. Muyambe ndi kung'ung'udza, mawu abwere pambuyo. Mawu a vesi amayamba kugunda koyamba kusanafike, ndipo pamenepo ndi pamene pakamwa pamakokera dzanja kuti lidumphe.

Popeza ma chord sasintha, chimene chimasiyanitsa vesi ndi kolasi ndi mphamvu basi. Apa ndi pamene oimba gitala a kutchalitchi timalakwa kwambiri: timayamba ndi mphamvu zonse pa mzere woyamba, ndiye nyimbo ikafuna kukwera tilibe kokwerera. Vesi yoyamba ikhoza kukhala kukhwatcha kamodzi pa chord iliyonse, n'kuisiya ilire masekondi atatu aja. Kumafuna kulimba mtima, chifukwa chete amaopsa, ndipo dzanja limayabwa kuti lidzaze mpatawo. Vesi yachiwiri, zotsika zokha pa nsambo zonenepa, m'mphepete mwa chikhatho mutagoneka pang'ono pa nsambo pafupi ndi pamene zamangiriridwa kuti mawu akhale ogunda pansipansi. Pa kolasi ndiye mutsegule nsambo zonse. Bridge imayambanso pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono ulendo uliwonse umene yabwerezedwa, mpaka Nkhotakota yense azimveka. Kukwera mphamvu sikutanthauza kukwera liwiro, ndipo awiriwa amakonda kuyendera limodzi ngati simuwalekanitsa dala.

Mukakhala nokha ndi gitala pa mapemphero a m'nyumba kapena kumlaga, inu ndinu ng'oma, besi ndi kiyibodi, ndiye nsambo zonenepa ndi kugunda kwa phazi zikhale zomveka. Mukakhala m'gulu zinthu zimatembenuka. Mawu apansi ndi a wa besi, apakati adzaza kale ndi kiyibodi, ndipo mukakhwatcha nsambo zonse mwamphamvu mumangowonjezera matope. Khalani pa nsambo zinayi zapansi, khutu lili pa wa ng'oma. Nthawi zina chothandiza kwambiri n'kungosiya kuimba vesi yonse, kuti polowa pa kolasi anthu amve kuti kwabwera chinthu. Ndipo maso azikhala pa mtsogoleri, osati pa pepala, chifukwa kutchalitchi nyimbo siyenda monga inajambulidwira. Akhoza kubwereza kolasi kasanu, akhoza kuyamba kupemphera pakati, akhoza kulumphira pa kolasi ya Chichewa mu kiyi yomweyo. Akayamba kupemphera musaime, ingotsikani, ma chord anayi aja azizungulira chapansipansi.

Kumaliza kuja ndinati tikupeza kutsogolo ndi uku. Poti mzere umathera pa la, mukangoima pamenepo anthu amatsala m'malere, ena n'kuyambanso vesi okha. Mugwirizane Loweruka kuti mudzathera pati ndiponso chizindikiro chake n'chotani. Atsogoleri ambiri amakweza nkhonya kusonyeza kuti uku n'komaliza. Njira yosavuta ndi kuchedwetsa pang'ono pa B ndi C#m omaliza, kupita pa A, n'kukagwera pa E kamodzi, kuisiya ilire mpaka izime yokha. Ngati abusa akubwera kudzapemphera kapena nyimbo ina ikutsatira mu kiyi yomweyo, therani pa A, muigwire pomwepo, chikhatho chili chokonzeka kuziziritsa nsambo akangotenga maikolofoni.